Mawere Awiri Ndi Ake

Dumana anabereka usiku wa Lachitatu,
chipale chili m'mawondo kuno ku Botiza,
mphepo ikuimba likhweru m'ming'alu ya khola.
Tinalipo awiri, ine ndi tochi ya pafoni
ndi Todor, mwana wanga,
atamira m'chijasi cha atate ake.

Kathole kanagwera pa udzu, phi!
konyowa, kakufuka nthunzi ngati buledi wongophula.
Make anakanyambita mosanyengerera,
lilime lokhakhala ngati tupa,
mpaka kanayetsemula.

"Madzi ofunda poyamba," anatero Gavrila,
mawu akudukaduka kuchokera ku Sipeini
kumene amathyola malalanje a eni.
"Uthiremo gaga ndi mchere wodzaza dzanja.
Ozizira ayi, wamva?"
Ngati kuti ine sindinakulire m'fungo la ndowe.
Ndinangoti eya.
Munthu akakhala kutali amalamula ndi pakamwa
zimene manja ake akulakalaka kugwira.

Dumana anamwa ndowa ziwiri osadzutsa mutu.
Yachitatu anaigubuduza ndi mphuno.

Mkaka woyamba si wathu.
Chithuwi chachikasu, chonanda ngati uchi wogona.
Todor anati alawe, ndinamuthibula chala.
Koma kathole sikankadziwa njira:
kanayamwa khosi la make, kanayamwa bondo langa,
kanayamwa mpendero wa chijasi chija.
Ndinakalowetsa zala ziwiri m'kamwa
n'kukatsogolera pansi, pansi,
mpaka kamchira kanayamba kuvina.
Apo m'pamene ndinakumbuka kupuma.

Kutacha, masamu.
Pamwamba pa khola patsala udzu wa masabata asanu,
asanu ndi limodzi ndikaumira,
ndipo msipu sudzaoneka Epulo asanakalambe.
Ndi udzu umene tinamweta tonse mu Julaye pa chitunda,
iye patsogolo ndi chikwakwa,
ine pambuyo kutembenuza.
Ndikaufukula umanunkhirabe dzuwa la tsiku lija.
Wofewa uja, wa kumweta kwachiwiri,
ndinaubisa kuseri kudikira masiku ano.
Gaga ndikuwonjezera mwakachetechete,
kapu lero, kapu ndi theka mkuja,
pakuti mimba yongobereka siifuna phwando.
Maungu atsala atatu. Limodzi layamba kuola,
ndadula poola, kwinako wadya.

Viorica wa kutsidya kwa mlatho wabwera kudzaona.
Wayang'ana bere, sanayang'ane mwana.
"Kachotse msanga, kazimwera m'ndowa.
Galimoto ya mkaka siilipira chifundo."
Sananame.
Nsapato za Todor zikumwa madzi,
ndipo ngongole ya kugolosale ili ndi dzina langa.

Ndagawa chonchi, sabata ikatha:
mawere awiri a kumanzere ndi ake,
awiri a kumanja ndi athu,
kapu ya Todor, tchizi pang'ono,
botolo la aphunzitsi amene amalipira mwezi ukatha.
Ndakauza kathole pamaso pa make.
Koma ndani anaona thole lodziwa kumanzere?
Lidzaba. Ndidzayang'ana kumbali.

Usiku ndimadzuka kawiri
kukagwira makutu a Dumana.
Amake anagona chonchi zaka zitatu zapitazo,
tsiku lachiwiri atabereka, makutu ozizira ngati chitsulo cha pachitseko,
dokotala wa ziweto atatsekeredwa ndi chipale kumsewu wa kumunsi.
Sanadzukenso.
Nambala yake tsopano ndinailemba ndi khala pakhoma.

Lero makutu ndi ofunda.
Wagona chammbali, maso ali pakatikati,
nsagwada zikupera, zikupera, akubzikula Julaye wathu.
Kathole kapinda miyendo pansi pa khosi lake.
Todor wakatcha Miercana, poti n'ka Lachitatu.

Foni yalira. "Ali bwanji?"
Sindinayankhe.
Ndangoitengera pafupi ndi kamwa la Dumana
kuti adzimvere yekha.
Kwa nthawi yaitali ku Sipeini kunali zii,
kenaka ndinamva munthu akumina.